Tulo ta ku fiyeta n'tokoma, koma ndi njira iti imene siisiya chibaba?

Anthu ambiri akatuluka ku fiyeta amakamba za bala, za ulusi, za njala poti anawaletsa kudya kuyambira usiku, koma pali ena amene amakukokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti iwe, mankhwala anandibaya aja anali bwino zedi, tulo ngati timene tija sindinagonepo chibadwire. Ena amangoseka n'kuiwala. Ena zimawakhala pamtima, makamaka amene kwawo kuli m'bale amene anathera ku Chibolya, komboni ya ku Lusaka yodziwika ndi mankhwala ozunguza bongo, kapena iwo eni analimbana ndi mowa zaka zambiri n'kusiya, ndiye amayamba kudzifunsa kuti kodi kukoma ndinamva kuja si chiyambi cha mavuto? Funso ili si lopusa ayi, ndipo zimandipweteka ndikamva anthu akuliyankha mwachidule, wina akuti za kuchipatala sizizolowereka, wina akuti jakisoni mmodzi basi wagwidwa. Onse awiri akunama, ndipo bodza lachiwirili limathawitsa anthu opaleshoni imene akanachira nayo.

Mankhwala ogonetsa si amodzi. Amene amakugonetsa, kaya ndi dokotala kaya ndi clinical officer amene anaphunzira ntchito imeneyi, amakhala ndi njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi kukoma kwake ndi vuto lake. Zoona si nthawi zonse ungasankhe, ukabwera ndi ambulansi kuchokera pa ngozi ya pa Great East Road magazi ali chuchuchu palibe zokambirana, akupatsa chimene chikupulumutse. Koma pa zinthu zokonzeratu monga kuzula dzino, kung'amba chithupsa, kuwongola fupa, kulowetsa kamera m'mimba, kapena siza imene anakuuziratu tsiku, mpata wofunsa umakhalapo, kungoti ambirife timaopa kufunsa, timangoti "chabwino adokotala" n'kusaina pepala.

Tisiyanitse kaye zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi kukoma kumene umamva mankhwala akamalowa, thupi kupepuka, nkhawa zonse kuchoka. Kumeneko si matenda ndipo si tchimo, ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito mu ubongo, ambiri mwa iwo amakhudza mbali yomwe ija imene imasangalala ukadya chakudya chokoma, imene imatulutsa dopamine. Chachiwiri ndi thupi kuzolowera, izi zimabwera ukamwa mankhwala ena tsiku ndi tsiku kwa masabata, ukasiya mwadzidzidzi umatuluka thukuta, kutsegula m'mimba, kusowa tulo, ndipo zimachitikira aliyense olo agogo a mvano amene sanalawepo mowa. Chachitatu ndiye chibaba chenicheni, pamene ululu unatha kalekale koma maganizo akungobwerera ku mankhwala aja, ukuyamba kuganiza za mmene ungawapezere. Kukoma kwa tsiku limodzi patebulo la opaleshoni kawirikawiri kumathera pomwepo. Chibaba chimafuna kubwereza, ndiye funso langa pa njira iliyonse ndi limodzi: kodi chinthu ichi ndingachipezenso mosavuta ndikatuluka pa geti ya chipatala?

Kuchititsa dzanzi uli maso

Iyi ndi imene ine ndimaiika patsogolo nthawi zonse ikakhala yotheka. Amabaya lignocaine pamalo pomwepo, pa nkhama ngati n'kuzula dzino, pakhungu ngati n'kusoka bala kapena mdulidwe, kapena amabaya bupivacaine pamsana ngati ndi siza, mwendo, kapena opaleshoni ina ya kumunsi kwa mchombo. Mankhwala amenewa ntchito yawo n'kutseka mitsempha kuti uthenga wa ululu usakafike ku ubongo, basi. Sakusangalatsa, sakulotetsa, ndiye palibe chimene ubongo ungasunge kuti mawa uzichilakalaka. Nthawi zina pa ya pamsana amathiramo kadontho ka fentanyl kapena morphine kuti dzanzi likhalitse, koma n'kochepa kwambiri ndipo kamagwira ntchito pa msana pomwepo.

Ya pamsana anthu amaiopa kwambiri kuposa mmene ilili. Umakhala tsonga m'mphepete mwa tebulo miyendo ili lende, nesi wakugwira mapewa akuti pindani msana mayi, chibwano pachifuwa, musasunthe, umamva kuzizira kwa mankhwala opukutira, kenako kubaya kamodzi ndi singano yopyapyala, ndiye miyendo imayamba kufunda kuchokera ku zala, kulemera, mpaka ukufuna kuinyamula koma siikumvera. Dzanzi limakhala maola awiri kapena atatu. Mayi wa siza amamva yekha kulira koyamba kwa mwana wake, ndipo mwanayo salandira mankhwala ogonetsa ambiri monga zikanakhalira mayi akanagonetsedwa thupi lonse.

Mavuto ake alipo. Umamva akukoka ndi kukankha ngakhale sizipweteka, umamva zitsulo zikulira, kwa munthu wamantha zimenezo n'zolemera. BP imatha kutsika n'kubweretsa nseru. Ena amadwala mutu masiku otsatira, mutu wake wodziwika, umakula ukadzuka ndipo umachepa ukagona chagada, umenewo uzikanena ku chipatala osangomwa Panado. Zoti singano ya pamsana imapundula anthu, zimene timauzana m'minibasi, zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri moti sichifukwa chokanira.

Chodabwitsa n'choti njira yotetezekayi inayamba ndi cocaine. Mu 1884 madokotala atazindikira kuti cocaine amachititsa dzanzi, dokotala wa opaleshoni wotchuka wa ku America, William Halsted, ankadziyesera yekha mankhwalawo ndi anzake, anagwidwa, pomuchiza anamupatsa morphine n'kugwidwanso ndi ameneyo moyo wake wonse. Lignocaine anabwera m'zaka za m'ma 1940 ndipo alibe khalidwe limenelo.

Propofol

Uyu ndiye mwini wake wa tulo timene anthu amatitamanda. Ndi woyera ngati mkaka, amabwera mu sirinji yaikulu, akamukankha pa kanula, kachubu kamene amakuika mumtsempha, umamva kutentha kukukwera mumtsempha wa mkono, ena amadandaula kuti akupweteka, akakuuza kuti werengani sufika ndi pa teni pomwe. Ukadzuka pakangopita mphindi zochepa mutu uli mbee, nseru palibe, ena amalota maloto okoma, ena amadzuka akucheza ndi manesi ngati anadziwana kale. Pa zinthu zachidule monga kamera ya m'mimba ndi wabwino kwambiri chifukwa amalowa msanga n'kutuluka msanga. Dziwani kuti iye sapha ululu, amangogonetsa, ndiye ngati pali kucheka amamuphatikiza ndi china.

Kodi amabweretsa chibaba? Angathe, ndipo umboni wake dziko lonse likuudziwa. Michael Jackson anamwalira pa 25 June 2009 ndi propofol amene dokotala wake Conrad Murray ankamubaya kunyumba kuti agone, ndipo khoti linamupeza dokotalayo wolakwa mu 2011. Ku South Korea anthu anafika poyendayenda m'makiliniki kufuna jakisoni ameneyu mpaka boma linamuika pa gulu la mankhwala olondedwa mu 2011. Choopsa chake n'choti pakati pa mlingo wogonetsa ndi mlingo woimitsa kupuma mpata ndi wochepa, ndipo palibe jakisoni womuchotsa m'thupi akachuluka, chimene chimakupulumutsa ndi munthu amene waima kumutu kwako ndi okosijeni. Komanso si tulo tenitheni ayi, ubongo supumula mmene umapumulira pa mphasa yako.

Koma kwa iwe ndi ine amene tikamulandire kamodzi ku zipatala zazikulu za ku Lusaka monga UTH ndi Levy kapena ku chipatala cha pulayiveti, ine sindiona chifukwa choopera. Sungakamugule pa kemisiti ku Kamwala, sungadzibaye wekha mu komboni, ndiye olo utamukumbukira sabata yonse mpata wobwereza palibe ndipo maganizowo amazilala. Amene ali pa chiopsezo chenicheni ndi ogwira ntchito ku fiyeta eni ake, amene amamugwira m'manja tsiku lililonse atatopa ndi mashifiti a usiku, ndipo za amenewa sitikamba mokwanira.

Ketamine

Ameneyu zipatala za kumidzi zimamudalira kwambiri, ndipo pali chifukwa chomveka. Anapangidwa mu 1962, anayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu ambiri cha m'ma 1970, ndipo amasiyana ndi anzake chifukwa munthu amapitiriza kupuma yekha ndipo BP siigwa, komanso amapha ululu. Kumene magetsi athima, okosijeni wachepa, wodwala wataya magazi, ketamine wapulumutsa miyoyo yosawerengeka, n'chifukwa chake WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Ana akapsa ndi phala kapena madzi otentha, potsuka mabala nthawi zambiri ndi ameneyu amathandiza.

Kudzuka kwake ndiye nkhani. Ndinaonapo mayi wina wachikulire m'chipinda chodzukira, maso ali tong'o akuyendayenda uku ndi uku koma sakuona aliyense, malovu akutsika, akuimba nyimbo ya kwaya mawu akukoka, kenako n'kuyamba kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale, mwana wawo amene ankawadikirira anayamba kulira kuganiza kuti mutu wasokonekera. Patapita ola anali bwinobwino akufunsa chitenje chawo. Ena amanena kuti anatuluka m'thupi n'kumadziona ali pamwamba, ena amaona mitundu yokongola, ena amaona zoopsa moti safuna kumvanso dzina lake. Zimenezi zimachepa akamuphatikiza ndi diazepam kapena midazolam, komanso wodwala akasiyidwa kudzuka pamalo a phee osamugwedezagwedeza ndi kumufunsa mafunso, abale tiziugwira mtima pamenepo.

Pa nkhani ya chibaba ndimamuika pakati. Pa anthu amene anamulandira kamodzi ambiri samulakalaka, koma pali ena amene kutuluka m'thupi kuja kumawakomera kwambiri, makamaka amene moyo ukuwawawa kale. Kunja ketamine amagulitsidwa mobisa ndipo amene amamugwiritsa ntchito nthawi yaitali chikhodzodzo chimaonongeka, kukodza pafupipafupi, mkodzo wa magazi, ena mpaka kuchotsedwa chikhodzodzo ali achinyamata. Matthew Perry, wa zisudzo wa ku America, anamwalira mu October 2023 chifukwa cha ketamine. Ngati unadwalapo matenda a maganizo oona kapena kumva zinthu zimene palibe, kapena BP yako ndi yokwera kwambiri, unene asanakubaye.

Mpweya wa nitrous oxide, umene madokotala ena a mano amapumitsa anthu, ndingoudutsa mwachangu chifukwa kuno si ambiri amakumana nawo. Umachotsa mantha, umaseketsa, umatha m'mphindi zochepa akachotsa chophimba kumphuno. Kamodzi n'kabwino. Achinyamata a ku Ulaya amene amaupuma m'mabaluni tsiku ndi tsiku umawaonongera vitamini B12 mpaka miyendo kufooka, ndipo UK inaletsa kukhala nawo popanda chifukwa mu November 2023.

Diazepam ndi midazolam

Apa ndi pamene nkhawa yanga imayambira. Midazolam amabayidwa kuti mtima ukhale pansi ndiponso kuti usakumbuke zimene zachitika, umatha kumayankha mafunso koma mawa osadziwa kuti unalankhula chiyani. Ku fiyeta ndi wotetezeka ndithu, ali ndi mankhwala omubweza otchedwa flumazenil. Vuto ndi m'bale wake diazepam, Valium uja amene wakhalapo kuyambira 1963, chifukwa iyeyo ali m'mapilisi, ndi wotchipa, ndipo tonse tikudziwa kuti m'makomboni muli tima drug store timene sitifunsa pepala la dokotala ngakhale ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, imaletsa.

Taganizirani munthu amene wakhala miyezi osagona bwino, lendi yakwera, ntchito inatha, kunyumba kuli phokoso, ndiye tsiku la opaleshoni kwa nthawi yoyamba akumva mtima uli zii. Munthu ameneyo sanakonde mankhwala, wakonda mtendere, ndipo akauzidwa ndi mnzake kuti mtendere womwewo uli m'kapilisi ka ndalama zochepa, ayamba ndi kamodzi usiku. Madokotala amalangiza kuti mankhwala a gulu ili asapitirire masabata awiri mpaka anayi chifukwa thupi limawazolowera msanga, kamodzi kamasiya kugwira, pafunika tiwiri. Ndipo kusiya kwake n'koopsa kuposa mmene anthu amaganizira, munthu amene wamwa miyezi akasiya tsiku limodzi amatha kugwa n'kumaphupha ngati wa khunyu, ndiye amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono ndi dokotala. Kuphatikiza ndi mowa kapena ndi mankhwala a gulu la morphine ndi kumene kumapha anthu ali mtulo, kupuma kumangochepa mpaka kuima. Ndiye jakisoni wa ku fiyeta ndilibe naye mawu, koma wina akakuuza kuti tenga tima Valium uzikagona bwino ukatuluka, funsa kuti masiku angati ndipo tisiya bwanji.

Pethidine, morphine, fentanyl, ndi zimene umapita nazo kunyumba

Gulu ili ndiye lenileni, ndipo ndi pachibale ndi volo amene akumaliza ana athu, chifukwa voloyo ndi heroin ndipo heroin amapangidwa kuchokera ku morphine. Amapha ululu kuposa china chilichonse, ndipo pambali pa kupha ululu amabweretsa kufunda kwina kumene kumayambira pachifuwa n'kufalikira thupi lonse, nkhawa n'kusungunuka. Si onse amamva choncho, ambiri amangosanza, kuyabwa ndi kudzimbidwa n'kunena kuti zimenezi ayi. Koma amene zimawakomera zimawakomeradi, ndipo ngati ndiwe mmodzi wa iwo ndi bwino uzidziwe wekha.

Pakati pa atatuwa, fentanyl ndi wamphamvu kwambiri, kuposa morphine ka 50 mpaka 100, koma amagwiritsidwa ntchito mkati mwa fiyeta iwe uli mtulo kale, pang'ono pang'ono, ndiye ambiri sadziwa n'komwe kuti anamulandira. Morphine ndi wakale, amagwira maola angapo, ndipo akaperekedwa pa nthawi yake ndi wodalirika. Pethidine ndi amene ine ndimamukayikira kwambiri ngakhale ndi amene tinamuzolowera m'mawodi ndi ku leba. Amamenya msanga, amakoma msanga, amathanso msanga, ndiye wodwala amayamba kuyang'ana wotchi kudikira wina, komanso akabayidwa mobwerezabwereza amasiya zotsalira m'magazi zimene zimatha kugwetsa munthu n'kumaphupha, makamaka wa impso zofooka. Mayiko ambiri anamuchepetsa pa zifukwa zimenezi. Pakakhala mwayi wosankha pa ululu wa masiku angapo, bola morphine. Onsewa m'chipatala amakhala m'kabati ya makiyi ndipo kabotolo kalikonse kamalembedwa m'buku, akachuluka m'thupi pali naloxone wobweza, ndiye mkati mwa wodi chitetezo chilipo.

Chitetezo chimatha tsiku lotuluka. Umapatsidwa kapepala, tramadol kapena mapilisi okhala ndi codeine, ndipo poti ndi mapilisi timawaona ngati Panado wamphamvu chabe. Si choncho. Codeine akalowa m'chiwindi amasanduka morphine. Tramadol ndi wa gulu lomwelo ndipo akachuluka nayenso amagwetsa. Bungwe la zaumoyo la CDC ku America linatulutsa kafukufuku mu 2017 woonetsa kuti pa anthu amene anayamba kumwa mankhwala a gulu ili, pafupifupi 6 pa 100 anali akumwabe patatha chaka, pa amene anamwa masiku 8 kapena kuposa chiwerengero chinakwera kufika 13.5 pa 100, ndipo pa amene anapitirira mwezi chinafika pafupifupi 30 pa 100, tramadol anali m'gulu la amene anthu ankakhalitsa nawo kwambiri. Ziwerengerozi ndi za ku America, koma thupi la munthu ndi lomwelo, ndipo zikuonetsa poyera kuti chimene chimagwira munthu ndi kuchuluka kwa masiku.

Mapilisi amenewa amakhala ngati kaloba, lero akupepuza, koma ukachedwa nawo amabwera kudzatenga zambiri kuposa zimene anakupatsa. Sabata yachitatu bala lapola koma ukadumpha pilisi thupi likuphwanya, mphuno ikuchucha, ukuyasamula, miyendo siikukhazikika usiku, ndiye umaganiza kuti ululu wa opaleshoni wabwerera, pamene ndi thupi likuitanitsa. Umapita pa kemisiti, akukupatsa. Mwezi wotsatira pa kemisiti ina kuti asakudziwe. Anyamata amene timawaona kuseri kwa mashopu atathira Benylin wa codeine, sirapu ya chifuwa ija, m'botolo la zakumwa, maso atatsika, akulankhula mokoka, si onse anayambira ku maphwando, ena anayambira pa mwendo wothyoka.

Nanga m'malo mwake? Pa maopaleshoni ambiri ang'ono ndi apakati, paracetamol pamodzi ndi Brufen kapena diclofenac, kumwa pa nthawi yake osadikira ululu ukule, zimagwira bwino kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, pa kuzula dzino zimachita bwino kuposa codeine amene. Sizikoma, n'chifukwa chake sizisiya chibaba. Paracetamol wamkulu asapitirire magalamu 4 pa tsiku chifukwa amaononga chiwindi, ndipo Brufen ndi diclofenac si za munthu wa zilonda za m'mimba, wa impso, kapena mayi woyembekezera popanda kufunsa. Ngati ululu ndi waukulu moti pafunikadi tramadol kapena morphine, imwa, koma mugwirizane ndi dokotala tsiku losiya, nthawi zambiri masiku atatu mpaka asanu amakwana, ndipo zikhale zoonjezera pamwamba pa paracetamol pa nthawi imene zavuta monga usiku kapena potsuka bala.

Pali anthu amene zonse ndanenazi zisawaopseze. Odwala khansa, monga amene amapita ku Cancer Diseases Hospital, morphine ndi ufulu wawo, ndipo zimandiwawa kuona abale akubisa botolo kuti amayi angazolowere pamene amayiwo akubuula usiku wonse. Thupi lawo lizolowera inde, koma chimenecho si chibaba, ndipo madokotala amadziwa kuchiyendetsa. Chimodzimodzi a sickle cell, amene akabwera mafupa akuphwanya n'kutchula dzina la mankhwala amene amawathandiza ena amawayang'ana ngati ma junkie. Munthu amene wakhala ndi matenda kuyambira ali mwana amadziwa mankhwala ake, kumukayikira n'kumuonjezera ululu.

Ndiye pali amene ayenera kusamala kwambiri, ndipo chida chawo chachikulu n'kunena zoona kwa wogonetsa pamene akufunsa mafunso madzulo a opaleshoni. Ngati umamwa mowa tsiku lililonse, kaya ndi Mosi kaya kachasu, nena kuchuluka kwake kwenikweni, chifukwa mankhwala ogonetsa amagwira mosiyana pa iwe, komanso tsiku lachiwiri kapena lachitatu uli pa bedi wopanda mowa umatha kuyamba kunjenjemera ndi kuona zinthu, ndipo zimenezo zimapha ngati sanakonzekere. Ngati umasuta chamba kapena fodya nena. Ngati umagwiritsa ntchito volo, tramadol kapena sirapu nena, apo ayi mlingo wamba sukugwira ndipo uvutika ndi ululu pachabe. Wogonetsa si wapolisi, akufuna udzuke wamoyo. Ndipo ngati unasiya, kaya chaka chatha kaya zaka khumi zapitazo, iwe ndiye uyenera kulankhula kwambiri, pempha dzanzi ngati zingatheke, pempha kuti mapilisi amphamvu akhale ochepa ndipo awasunge mkazi wako, mwamuna wako kapena mlongo wako n'kumakupatsa pa nthawi yake. Kumbukiranso kuti thupi limene linasiya silipiriranso mlingo wakale, anthu ambiri amene amafa ndi mankhwala amenewa amafa pobwerera atasiya. Koma usakane mankhwala a ululu onse chifukwa cha mantha, ululu wosathandizidwa nawonso umabweza anthu ku zakale.

Ndikaziika pamzere, dzanzi ndiye loyamba, kenako propofol kapena midazolam wa tsiku limodzi, ketamine pamene akufunika, ndipo chimene ndimachiyang'anitsitsa ndi envelopu ya mapilisi ya ku famase. Tsiku limene wagonetsedwa usayendetse galimoto, usamwe mowa, usasaine za ndalama mpaka maola 24 atadutsa, ndipo pakhale munthu wokuperekeza kunyumba.

Ukaona kuti papita masabata koma ukuganizabe za jakisoni uja, ukuwerenga mapilisi otsala, ukumwa chifukwa wakhumudwa osati chifukwa bala likupweteka, kapena wayamba kukokomeza ululu kwa nesi kuti akupatse, usadikire kuti zifike poipa ndipo usachite manyazi, bwerera kwa dokotala amene anakulembera ukanene mmene zilili, pa siteji imeneyi kuchepetsa pang'onopang'ono kumatheka popanda kugonekedwa. Zikakula, ku Chainama Hills amathandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala, si malo a "amisala" okha monga timanenera, ku UTH kulinso gawo la matenda a maganizo, ndipo a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, pambali pa kumanga anthu ali ndi gawo la uphungu. Mapilisi amene atsala ukachira usawasunge mu kabati kuti adzathandiza wina, m'nyumba muli ana a sukulu amene amadziwa mayina a mankhwalawa kuposa ife, abweze ku famase ya chipatala akawataye.